Kaundula wa kilabu yathu ya tiyi timusunge kuti, ndipo pasiwedi ikhale ndi ndani?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Kalata ya mnyamata wokonza makompyuta uja yafika, ndaijambula, ili pamwambapa. Atcheya akuti tiikambirane pano Loweruka lisanafike, poti pa msonkhano nthawi yonse imathera pa nkhani ya feteleza. Mnyamatayo akuti tisankhe, kugula NAS yoti izikhala mu ofesi muno pa Limbuli kapena kuika zinthu zathu pa cloud. M'munsi mwake walembanso RAID, backup, encryption, 2FA ndi admin account. Ine pa zonsezi chomwe ndamva ndi mtengo basi.

Atcheya: Zikomo a Mlembi. Funso langa ndi limodzi. Makilogalamu a masamba a membala aliyense, ngongole za feteleza, manambala a ziphaso za unzika, zonse zili mu laputopu imodzi ija. Itabedwa usiku uno, mawa tiwauza chiyani alimi? Odziwa zimenezi tithandizeni, koma mulankhule moti nafenso timve.

Agogo a ku Muloza: Kodi buku lachikuto cholimba lija linalakwa chiyani?

Msungichuma: Linanyowa agogo, mwaiwala? Malichi 2023, namondwe wa Freddy, madzi analowa mu ofesi mpaka m'mawondo. Mapepala anamatirirana, inki inasungunuka. Mpaka lero alipo anthu amene amati anabweza ngongole ndipo ife tilibe powatsutsira.

Agogo a ku Muloza: Nanga laputopu ikadakhala pansi pomwepo siikananyowa?

Msungichuma: Ikadanyowa. N'chifukwa chake tikukambirana.

Wa IT ku Limbe: Amalume Atcheya, ndaiwerenga kalatayo. Mnyamatayo sakukuberani, mitengo yake ndi yomweyo, koma wasakaniza nkhani ziwiri zosiyana. Ina ndi yoti zinthu zizikhala kuti. Ina ndi yoti ndani aziloledwa kuzitsegula. Ndiyambe ndi yoyambayo.

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kusunga zinthu n'kumazipereka kwa makompyuta ena ndi mafoni akazipempha. NAS ndi kaseva kakang'ono, kabokosi kokhala ndi madisiki awiri kapena anayi, kamene kamalumikizidwa ku rauta ya mu ofesi. Aliyense amene ali pa WiFi ya ofesiyo ndipo ali ndi chilolezo akhoza kutsegula mafayilo ali mmenemo, ngakhale bandulo itatha, chifukwa sizidutsa pa intaneti. Cloud ndi maseva a kampani ina, amene ali m'nyumba zikuluzikulu zozizira zotchedwa data centre. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020. Ndiye mukamva kuti fayilo ili pa cloud, ili pa disiki yeniyeni, m'nyumba yeniyeni, kungoti disikiyo si yanu ndipo njira yofikirako ndi intaneti yokha.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Ndiye kuti mayina a alimi a ku Mulanje azikagona ku Joni?

Wa ku Joni: Abwere, malo alipo. Koma renti kuno ndi yokwera.

Wa IT ku Limbe: Mwina ku Joni, mwina ku Ulaya kapena ku America, zimatengera kampani. Kwa ife zonse zimadutsa pa zingwe za fibre zopita kunyanja kudzera ku Mozambique kapena Tanzania. Chingwe chikaduka kwinakwake, mafayilo anu ali bwinobwino koma inu simungawafikire mpaka akonze.

Msungichuma: Pamenepo ndiye ine ndikukonda kabokosiko. Chinthu choti ndikuchiona ndi maso, ndalipira kamodzi basi.

Ajenti wa pa Limbuli: Magetsi ake ati, bambo? Sabata ino yokha azima kangati?

Wa IT ku Limbe: Achimwene anena zoona. Disiki imadana kwambiri ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi ili mkati molemba. Mukagula NAS muguliretu UPS, batire ija imene imagwirizira magetsi kwa mphindi zingapo kuti makina azime mwaulemu. Kumbukirani mmene zinalili mu 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo tinakhala mumdima miyezi yambiri. Muwonjezepo ziphaliwali za m'mphepete mwa phiri ndi chinyontho cha kwathuko. Kabokosi kameneka kamafuna munthu wokasamala, ndipo munthuyo mu komiti mulibe.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Koma kalatayo ikuti NAS ili ndi RAID 1, disiki imodzi ikafa palibe chotayika. Si backup imeneyo?

Wa IT ku Limbe: Ayi aphunzitsi, ndipo apa ndi pamene maofesi ambiri amagwera. RAID 1 imatanthauza kuti chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chikulembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Disiki imodzi ikafa, ntchito ikupitirira ndi inayo. Ilinso RAID 5, imene imafuna madisiki osachepera atatu ndipo imapirira imodzi ikafa. Koma taganizani. A Mlembi afufuta fayilo ya ngongole mwangozi: yafufutika pa madisiki onse awiri. Wina wasintha 40 kukhala 400: zasintha ponseponse. Mbala yanyamula kabokosi: yanyamula onse awiri. Madzi alowa: chimodzimodzi. RAID imakutetezani ku vuto limodzi lokha, kufa kwa disiki.

Backup ndi kope lina, lotengedwa tsiku lodziwika, losungidwa kwina, limene silisintha inu mukasintha za lero.

Mlembi: Nanga Google Drive imene ili pa laputopuyi? Mwana wanga anaiika, akuti chilichonse ndikasunga chimapita chokha.

Wa IT ku Limbe: Imeneyo ndi sync, mayi. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti zomwe zili pa laputopu ndi zomwe zili pa cloud zikufanana. Laputopu ikabedwa yakupulumutsani. Koma mukafufuta kuno, nayonso imafufuta uko, chifukwa ikungotsatira inu. Fayilo yofufutidwayo imakhala mu bini masiku 30, kenako imapita. Ndiye ngati mwazindikira pa nthawi ya bonasi kuti fayilo ya Janyuwale kulibe, mwachedwa.

Mlembi: Iii. Ine ndimagona tulo ndi mtima pansi.

Wa IT ku Limbe: Gonanibe, ili bwino kusiyana ndi kukhala opanda kanthu. Kungoti siyokwanira payokha. Ife ku ntchito timatsata lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Kwa inu zikhoza kukhala laputopu, cloud, ndi hard disk yonyamula m'manja imene ikulumikizidwa Lachisanu lililonse, kukopera, kuizula, n'kupita nayo kunyumba kwa wina. Kuizulako musakuone mopepuka. Kuli mapulogalamu oipa otchedwa ransomware amene akalowa mu kompyuta amatseka mafayilo onse, ndi a pa disiki iliyonse imene yalumikizidwa, kenako eni ake n'kumafuna ndalama kuti atsegule. Disiki imene ili mu kabati sangaifikire.

Wa ku Joni: Ngati zija za mapasipoti? Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa kompyuta ndipo akufuna dipo. Anthu kuno anavutika, ma permit akutha, pasipoti osatuluka kwa masabata.

Atcheya: Mwana wanga, chitsanzo tamva, koma ndale pano ayi. Tibwerere ku tiyi.

Msungichuma: Chabwino, nanga cloud yo ndalama zingati pa mwezi? Ndipo amafuna madola, ife tiwatenga kuti?

Wa IT ku Limbe: Mwina simulipira kalikonse. Akaunti ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi zithunzi. Microsoft imapereka 5 GB pa OneDrive. Mafayilo anu a Excel ndi ang'onoang'ono, a zaka khumi sangadzaze ngakhale 1 GB. Chimene chimadya malo ndi zithunzi ndi mavidiyo a pa field day. Amenewo muzisunga kwina. Maganizo anga, amalume, NAS isiyeni kaye. Ndi yabwino pa ofesi ya makompyuta khumi, inu muli ndi imodzi.

Agogo a ku Muloza: Mwanayu ndamukonda, akutiletsa kugula.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Zaulere zimenezi mwini wake akhoza kusintha malamulo tsiku lililonse, kapena kutseka akaunti, ndipo simungakamudandaulire kwa amfumu. Sukulu yathu inataya zinthu chifukwa akaunti inatsekedwa ndipo palibe amene ankadziwa nambala ya foni imene anatsegulira.

Wa IT ku Limbe: N'zoona aphunzitsi, n'chifukwa chake hard disk ya mu kabati ija ikufunika. Koma zomwe mwanenazo zatifikitsa pa nkhani yachiwiri, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa yoyamba. Ndifunse: pasiwedi ya laputopu ya kilabu akuidziwa anthu angati?

Mlembi: Ine, a Msungichuma, Atcheya, makalaliki awiri a pa sikelo, ndi mwana wanga.

Msungichuma: Ndi mlembi wakale uja. Sitinasinthe chichokereni iye.

Ajenti wa pa Limbuli: Ndipo ndi dzina la kilabu kuwonjezera chaka. Ndanama?

Mlembi: Achimwene, mwadziwa bwanji?

Ajenti wa pa Limbuli: Sindinadziwe, ndangoponya. Aliyense amatero.

Wa IT ku Limbe: Mwaona. Mukhoza kugula makina a mamiliyoni, koma ngati anthu asanu ndi awiri akulowa ndi dzina limodzi, mulibe chitetezo. Pali mawu awiri amene mudzawaona kawirikawiri. Authentication ndi pamene makina akutsimikiza kuti amene akulowayo ndi iyeyodi. Authorisation ndi zomwe munthuyo waloledwa kuchita akalowa. Kalaliki wa pa sikelo alowe ndi akaunti yake, alembe makilogalamu, koma fayilo ya ngongole asathe kuisintha. A Msungichuma asinthe za ngongole, makilogalamu angowaona. Atcheya aone zonse. Admin account imene ili mu kalatayo ndi akaunti yaikulu imene imapanga ndi kuchotsa maakaunti enawa. Imeneyo siyogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku, mumaitsegula pokhapokha wina akalowa kapena kuchoka mu komiti.

Ubwino wake wina ndi wakuti aliyense akakhala ndi akaunti yake, makina amalemba kuti wasintha mzere uwu ndi uje, tsiku lakuti, nthawi yakuti. Pa Google Sheets mukhoza kubwerera m'mbuyo n'kuona mmene fayilo inalili sabata yatha.

Msungichuma: Tsopano mukunena kuti alipo amene akusintha manambala? Nenani poyera. Ine ndasunga ndalama za kilabuyi zaka zonsezi popanda tambala kusowa.

Atcheya: Bambo, mtima pansi. Palibe watchula munthu.

Aphunzitsi a ku Chisitu: A Msungichuma, zimenezi zikutetezani inuyo kuposa wina aliyense. Lero mlimi atabwera kuti ngongole yake yakwera yokha, chala chiloza inu, ndipo mulibe umboni woti si inu, poti pasiwedi ili ndi anthu asanu ndi awiri. Mukakhala ndi yanuyanu, makina akuikirani umboni.

Msungichuma: Mukadayamba ndi mawu amenewo. Pitirizani.

Mlembi: Nanga 2FA?

Wa IT ku Limbe: Mumaichita kale osadziwa. Pa ATM mumafunika khadi ndi PIN. Khadi yokha siitulutsa ndalama, PIN yokha siitulutsa ndalama. Njira zotsimikizira munthu zilipo zitatu: chimene ukudziwa, monga pasiwedi kapena PIN; chimene uli nacho, monga foni kapena khadi; ndi thupi lako, monga chala kapena nkhope. 2FA ndi kufunsa ziwiri za mitundu yosiyana. Pa akaunti ya Google, mukalemba pasiwedi imafunanso nambala ya manambala 6 yochokera pa foni yanu. Nambala imeneyo ndiyo OTP, imagwira ntchito kamodzi kokha. Wakuba pasiwedi ali ku Lilongwe kapena ku Lagos sangalowe chifukwa foniyo ili m'thumba mwanu.

Ajenti wa pa Limbuli: Apa ndilankhuleko ine, chifukwa misozi yake imathera pa kauntala yanga. Akuba a masiku ano sathyola makina, amakupemphani inuyo kuti muwatsegulire. Amaimba ndi mawu aulemu, akuti ndife a ku kampani ya foni, mwawina, kapena akaunti yanu itsekedwa lero, tiwerengereni nambala imene yabwera pa meseji. Mukawerenga, zatha. Ena amatumiza meseji yooneka ngati ya Airtel Money kapena Mpamba, n'kuimba kuti ndatumiza kwa inu molakwitsa, ndibwezereni, mwana ali m'chipatala. Musanabweze tambala imbani *211# kapena *444# muone balansi nokha. Palibe wa ku kampani kapena ku banki amene amafunsa PIN kapena OTP pa foni. Ngakhale ine ajenti, PIN yanu si yanga. Koma tsiku la malipiro a masamba ndimaona azimayi ndi azibambo akundipatsa foni n'kunena PIN mokweza pamzere, anthu makumi awiri akumva. Ndikawauza kuti lembani nokha amati ndine wamwano.

PIN ya manambala anayi ili ndi njira 10,000 zoisanjira. Koma anthu ambiri amaika chaka chobadwa, ndiye wakuba amene waona chiphaso chanu safunikanso kuganiza.

Agogo a ku Muloza: Mwandinena ine. Maso anga saona timanambala timeneto.

Ajenti wa pa Limbuli: Agogo, inu muzibwera ndi mdzukulu mmodzi yemweyo amene mumamukhulupirira, osati aliyense wopezeka pamzere.

Wa ku Joni: Za WhatsApp nazonso muwauze. Gulu lathu la maliro kuno linabedwa chaka chatha. Wina analandira meseji yochokera kwa mnzake, akuti ndakutumizira nambala molakwitsa, nditumizire. Atatumiza, WhatsApp yake inatseguka pa foni ya wakubayo, n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale onse m'dzina lake.

Wa IT ku Limbe: Eya. Nambala imeneyo ndi imene WhatsApp imatumiza munthu akamaika akaunti pa foni yatsopano. Mankhwala ake ali mu Settings, Account, Two-step verification. Mumaika PIN yanu ya manambala 6, ndipo wakuba ngakhale atapeza nambala ya pa meseji amakakamira pamenepo. Aliyense pagulu pano achite lero, ndi mphindi ziwiri.

Agogo a ku Muloza: Kuno ku Muloza meseji zimenezo zimafika mawa lake. Foni imangothawira ku netiweki ya ku Mozambique, ukadzuka yalemba Movitel.

Wa IT ku Limbe: Agogo mwakumbutsa chinthu chofunika. OTP ya pa meseji ili ndi mavuto awiri. Loyamba ndi limenelo, netiweki. Lachiwiri ndi SIM swap, pamene wakuba wanamiza a kampani kuti simu khadi yanu ndi yake ndipo yatayika, n'kupatsidwa yatsopano ya nambala yanu. Foni yanu imangoti zii, meseji zonse zikupita kwa iye. Njira yabwinopo ndi pulogalamu ngati Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator. Poyamba mumajambula kamodzi ndi foni QR code, kachithunzi ka timabokosi takuda ndi toyera kamene kamaoneka pa kompyuta, foni ndi seva zimagawana chinsinsi chimodzi. Kuyambira pamenepo chilichonse chimawerengera chokha nambala kuchokera ku chinsinsicho ndi nthawi ya pa wotchi, ndipo nambalayo imasintha masekondi 30 aliwonse. Siifuna netiweki kapena bandulo. Chofunika n'chakuti wotchi ya foni ikhale yolondola.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Funso lina. Pasiwedi imene ndimalembayo, ogwira ntchito ku Google kapena ku banki amaiona?

Wa IT ku Limbe: Kampani yochita zinthu molongosoka siisunga pasiwedi yanu n'komwe. Imaidutsitsa mu masamu otchedwa hash, n'kusunga zotuluka zake. Zili ngati kuchigayo: chimanga chimasanduka ufa, koma ufa sungabwererenso kukhala chimanga. Mukabwera mawa n'kulemba pasiwedi, amaigayanso n'kuona ngati zotuluka zikufanana ndi zomwe anasunga. Asanagaye amawonjezerako timalemba tina tosiyana kwa munthu aliyense, totchedwa salt, kuti anthu awiri a pasiwedi yofanana asakhale ndi hash yofanana.

Si onse amachita zimenezi. Mu 2009 kampani ya RockYou inaberedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni amene inkasunga osabisa, ndipo imene inapezeka kwambiri inali 123456. Mndandanda umenewo akuba amaugwiritsabe ntchito poyesera maakaunti a anthu. Mu 2012 LinkedIn inaberedwa ma hash opanda salt, ndipo ambiri anathyoledwa m'masiku ochepa. N'chifukwa chake pasiwedi ya kilabu isafanane ndi ya Facebook ya munthu. Kukabedwa kumodzi, akuba amakaiyesa kwina konse. Ndipo mukadina kuti ndaiwala pasiwedi, kampani n'kukutumizirani yakale yomweyo m'malo mokuuzani kuti mupange ina, dziwani kuti amaisunga poyera.

Msungichuma: Ndiye pasiwedi yabwino ikhale yotani? Zija za zizindikiro ndi malemba aakulu ine ndimaiwala tsiku lomwelo.

Wa IT ku Limbe: Kutalika kumaposa zokongoletsa. Tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ena a Chichewa ena a Chilomwe, muwalumikize. Asakhale mwambi, vesi, dzina la mwana kapena la timu. Mukhoza kuilemba pa pepala, bola pepalalo likhale kunyumba pamalo obisika, osati pansi pa laputopu.

Wa ku Joni: A Bullets ndi a Wanderers mwamva? Dzina la timu ayi.

Atcheya: Bwanji tingoika chala, ngati mmene anachitira a NRB polemba ziphaso mu 2017? Chala munthu saiwala kunyumba.

Agogo a ku Muloza: Atcheya, zala za wothyola tiyi mumazidziwa? Ine tsiku lina pa ofesi ina anandipaka mafuta, kupukuta, kuyesa chala chilichonse, makina osandizindikira. Mizere inatha ndi masamba ndi khasu.

Wa IT ku Limbe: Zimenezo zimachitikadi kwa anthu ogwira ntchito za manja ndi okalamba. Vuto lina n'lakuti pasiwedi ikabedwa mumasintha, chala simungasinthe. Chala n'chabwino potsegula foni yanu mwachangu, koma kumbuyo kwake kukhale PIN.

Latsala liwu limodzi mu kalatayo, encryption. Pasiwedi ya Windows imene mumalemba poyatsa laputopu siiteteza disiki. Wakuba akhoza kumasula disikiyo, kuilumikiza ku kompyuta ina, n'kuwerenga zonse. Encryption imasokoneza zolembedwa pa disiki moti popanda kiyi palibe chowerengeka. Pa Windows imatchedwa BitLocker, ndipo poyatsa imakupatsani recovery key ya manambala 48. Hard disk ya mu kabati ija nayonso itsekedwe chomwecho. Koma chenjerani, kiyi imeneyo ikatayika ndipo makina akaifuna, palibe katswiri ku Limbe kapena ku Joni amene angakutsegulireni.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Ndipo si nkhani ya kufuna kwathu kokha. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Ife tikusunga mayina, manambala a ziphaso ndi a foni a anthu mazana. Ndipemphenso, chizolowezi choponya zithunzi za ziphaso za mamembala pa gulu lino chithe. Zimatsala mu foni ya aliyense, ndipo mafoni amenewa amagulitsidwa, amabedwa, ana amaseweretsa.

Mlembi: Nanga azinditumizira bwanji? Ena ali ku Mimosa, ena ku Ruo, sangabwere ku ofesi chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Atumize kwa inu nokha ku inbox, inu mukalemba mufufute. Kapena kalaliki alembe nambala tsiku la sikelo.

Atcheya: Zamveka, zichitike choncho. Tsopano ine nkhawa yanga ndi iyi. Chisankho chili chaka chamawa. A Mlembi akachoka, kapena Mulungu atawatenga, pepani mayi, akaunti imeneyi ndi foni yolandira manambalayo zikhala za ndani?

Mlembi: Palibe chopepesa Atcheya, funso ndi loona. Drive imene ilipo panopa ili pa imelo ya mwana wanga, ndipo iye akupita ku koleji.

Wa IT ku Limbe: Ndiye choyamba Loweruka ndi chimenecho. Mutsegule imelo ya dzina la kilabu, mafayilo asamukire kumeneko, ndipo anthu ena onse apatsidwe chilolezo kuchokera ku akaunti imeneyo, aliyense pa imelo yake. Munthu akachoka mumangomuchotsa pa mndandanda, simuyambanso kupempha kuti akubwezereni zinthu. Mukayatsa 2FA, Google imapereka ma backup code khumi a manambala 8, iliyonse yogwira kamodzi. Ndi olowera foni ikatayika. Muwasindikize pamodzi ndi pasiwedi ya admin ndi kiyi ya BitLocker, muike mu envelopu ziwiri zomata, komiti isayine pomatapo.

Ajenti wa pa Limbuli: Ngati mugula simu khadi ya kilabu, kumbukirani kuti imalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu, ndiye mulembe mu maminitsi kuti ili m'dzina la ndani. Ndipo muziikamo mayunitsi n'kuimbako nthawi ndi nthawi. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaitseka n'kuipereka kwa munthu wina, meseji zanu n'kumapita kwa mlendo.

Msungichuma: Envelopu imodzi ikhale kwa ine, poti ndili ndi kabati ya loko.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Hard disk ikhalanso kwa inu? Disiki ndi kiyi yake zisagone nyumba imodzi.

Msungichuma: Mwayambanso.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Sindikunena inu bambo, ndikunena mbala ndi madzi. Nyumba yanu ili kufupi ndi mtsinje.

Wa IT ku Limbe: Aphunzitsi akulondola. Ndipo kamodzi pa miyezi itatu wina atenge disikiyo, ailumikize ku kompyuta ina, atsegule fayilo ya mwezi watha pamaso pa komiti. Ndaonapo ofesi imene inkakopera mokhulupirika chaka chonse, tsiku la tsoka n'kupeza kuti ankakopera foda yopanda kanthu.

Atcheya: Ndagamula motere, msonkhano ukavomereze. NAS sitigula chaka chino. Tigula hard disk imodzi, izikhala kwa a Msungichuma. Envelopu ina kwa ine, ina kwa aphunzitsi ku Chisitu poti kwawo n'kokwera. A Mlembi, muuzeni mnyamata uja abwere ndi mtengo watsopano wa ntchito yokhayo yotsegula maakaunti ndi kutseka laputopu. Mphwanga, Loweruka ubwere udzaone zimene akuchita.

Wa IT ku Limbe: Ndibwera amalume, ndikwera minibasi yoyamba. Aliyense wa mu komiti abwere ndi foni yotchaja ndipo akhale akudziwa pasiwedi ya imelo yake. Amene alibe imelo tidzatsegula pomwepo.

Msungichuma: Thiransipoti yake ichokera thumba liti?

Atcheya: Langa. A Mlembi, pasiwedi ya laputopu ija musinthe madzulo ano, musadikire Loweruka.

Mlembi: Ndasintha kale pamene a ajenti anaiponya paja. Makalaliki a pa sikelo mawa m'mawa adutsire kwathu ndisanapite kumunda, pa foni sindinena.